Timadontho pa Nsomba za a Tomasi

Pa Nsaru palibe munthu wa ziphuphu. Amene akukana alowe m'nyumba za anthu akaone zithunzi zopachika pakhoma. Akwati, ana omaliza fomu folo, amayi a kwaya, ngakhale madoda ogulitsa mbuzi amene dzuwa lidawawamba kalekale, onse nkhope zili see ngati dzira la nkhuku. Musati ndi madzi a m'mijigo ya kuno. Ndi dzanja la Bridget Khoromana, mtsikana amene amagwira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa situdiyo ya a Boniface, pakati pa chigayo ndi okala ya zipangizo za njinga. Dzanja lomwelo ndi limene chaka chatha, mwezi wa Juni, lidatsala pang'ono kumaliza nsomba za a Tomasi.

Ntchito yake njotere. A Boniface akajambula munthu amalowetsa khadi ya kamera m'kompyuta, iwo n'kutuluka kukacheza pakhonde. Bridget amatsegula pulogalamu yokonzera zithunzi n'kukuza nkhopeyo mpaka mphuno yokha idzaze galasi. Akapeza chiphuphu amatapa kakhungu kabwino ka pambali n'kuphimbira. Makwinya amawachepetsa, maso ofiira ndi fumbi amawayeretsa, dzino lothyoka amalimeretsa. Pasitudiyopo ntchitoyi amaitcha kusalaza. Palibe kasitomala amene amapempha, palibenso amene amathokoza, chifukwa nkhaniyi siyankhulidwa. A Boniface adamuuza malamulo ake awiri tsiku loyamba lomwe.

"Kupatsa munthu chithunzi cha ziphuphu zake n'kumutukwana," adatero. "Ndipo usamauze munthu kuti wamukonza. Aziti ndi kamera yathu yabwino."

Lamulo loyambalo Bridget sadachite kuliphunzira. Makolo ake adachoka ku Phalombe kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kabudula, ndipo iye ali ndi zaka zisanu adapunthwa m'balani n'kugwera papaipi yotentha. Chipsera chake chimayambira pakhutu lamanzere mpaka pachibwano. Kusukulu ankalimbirana mpando wa m'mbali kuti tsaya lopsalo liloze kukhoma. Amayi ake ankamuuza mosapsatira kuti ukaipa nkhope dziwa nyimbo. Mawu oimbira iye adalibe, ndiye adadziwa kompyuta. Chithunzi choyamba chimene adasalaza chidali chake chomwe. Adamuyang'ana nthawi yaitali mtsikana wa masaya awiri ofananayo, kenako n'kumubisa pansi pa sutikesi. Choncho akaona kadontho pachithunzi sachita kuganiza, chala chimapita chokha.

A Tomasi ndi mkulu wa m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Nambuma. Adagwira ntchito ya m'gadeni zaka makumi awiri kwa mzungu wina m'tauni ku Lilongwe, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo sadawasiyire wailesi kapena njinga monga achitira ena. Adawasiyira thanki yagalasi yaitali ngati bedi, pamodzi ndi nsomba zake zoweta, mbuna zachikasu ndi zabuluu. Tsiku limene thankiyo inkatsitsidwa pagalimoto anthu adaseka chikhakhali. Munthu n'kudyera mchere, ndiwo zikusambira pabalaza? A Tomasi sadawalabadire. Adagula sola ndi batire kuti kamakina kopopa mpweya kasazime, madzi ankachita kusefa pansalu, ndipo nsomba zidaswana. Oseka aja adayamba kubwera ndi alendo awo kudzaonetsa, aphunzitsi n'kumabwera ndi ana a sukulu. Mwana wawo wamkazi, Sara, adakula mphuno ili pagalasi, mpaka adapita kukoleji kukaphunzira za nsomba zomwezo.

Akazi awo atamwalira, Sara ali kutali, a Tomasi adatsala ndi nsombazo basi. Ankazipatsa moni m'mawa ngati anthu, makamaka yaimuna yaikulu yabuluu imene adaitcha Kapitawo chifukwa chothamangitsa zinzake. Maso awo adali atachita ng'ala, moti ankazindikira anthu ndi mawu okha, koma Kapitawo ankamudziwa ndi mdidi wake akagunda galasi pofuna chakudya. Kwa Bridget mkuluyu sadali kasitomala wamba. Esiteti ija itatsekedwa, amayi ake atasowa kolowera, ndi a Tomasi amene adawapatsa ndime yoti azilimapo.

Lolemba lina adatulukira pasitudiyo, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, Sara akufuna aone nsomba. Kafoni kangaka n'ka mabatani, sikajambula. Ukazijambule, umutumizire pafoni yakoyo."

Sadanene zambiri, Bridget nayenso sadafunse. Mumtima mwake Bridget adangoti Sara wapukwa nsomba za kwawo.

Nsomba si mkwatibwi woti ungamuuze kuti asagwedezeke. Bridget adavutika nazo m'mawa wonse. Galasi linkabweza kuwala kwa pawindo, ndipo chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi nkhope yake yomwe. Adatseka katani, n'kugunditsa kamera pagalasi penipeni, n'kumadikira nsomba idutse. Atabwerera kusitudiyo n'kukuza zithunzizo adapukusa mutu. M'madzi mudali tizinyalala toyandama ndi timathovu. Mtundu wa nsomba udali wofwifwa. Chipsepse cha kumchira kwa Kapitawo chidali chong'ambika, ndipo pathupi pake, ndi pa zinzake zambiri, padali timadontho toyera ngati wina waziwaza mchere. Akaona Sara, munthu wa kukoleji, sadzati situdiyo ya pa Nsaru imajambula fumbi?

Adakhala pakompyuta mpaka nkhomaliro idamudutsa. Kadontho kalikonse adakaphimba ndi mamba abwino a pambali. Adasoka mchira uja, adawonjezera buluu, madzi adawayeretsa kuti mbee. Kapitawo adatuluka ngati nsomba ya pakalendala. Popeza kompyuta ya a Boniface imadandaula kudzaza tsiku ndi tsiku, zokonzedwazo adazisunga pamwamba pa zakale monga achitira nthawi zonse, ndipo khadi ya kamera a Boniface adaifufuta madzulo omwewo kukonzekera chinkhoswe. Bridget adatumiza zithunzi khumi ndi ziwiri kwa Sara mtima uli m'malo, akudziyamikira chamumtima. Paja akulu adati chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Lachiwiri m'mawa padalowa uthenga wa mawu pafoni yake. Adali Sara.

"Bridget, zikomo kwambiri. Uwamvetse ababa uthengawu. Ababa, nsomba zanu zili bwino. Mutandiuza kuti zikudzikhula pamiyala ndimaopa matenda aja a timadontho toyera, amene amatha kumaliza thanki yonse m'masiku ochepa, makamaka nyengo yozizira ino. Koma ndakuza zithunzi zonse, pathupi palibe kanthu, ndipo mtundu ukuwala bwino. Musathire mchere kapena mankhwala, mungazivutitse chabe. Ingochepetsani chakudya."

Bridget adamvetsera kawiri. Adatsegula kompyuta kufunafuna zithunzi zoyamba zija. Adalowa paliponse, ngakhale m'malo motaya zinyalala, koma kulikonse ankakumana ndi Kapitawo wosalala. Adaika khadi ya kamera, idali yopanda kanthu. Umboni wonse wa zimene adaona udatsala m'mutu mwake mokha.

Ndiye mutu womwewo udayamba kumukhalira kumbuyo. Mwina lidali thovu lomata pagalasi. Mwina tidali tizinyenyeswa ta chakudya. Iye si dokotala wa nsomba, angadziwe bwanji? Adayamba kulemba uthenga kwa Sara, adafika pakati n'kufufuta. Adalembanso n'kufufutanso. Anene kuti chiyani, kuti ine ndimakonza zithunzi? Nkhani yotere ikatuluka siyima pa nsomba. Mkwatibwi aliyense wa pa Nsaru akayang'ane pakhoma n'kudziwa kuti nkhope ili apoyo si yake, ndipo a Boniface sangasunge munthu woulula za m'kachipinda. Choopsa koposa chidali kuyang'ana a Tomasi, munthu amene adapatsa amayi ake polima, n'kuwauza kuti chuma chawo chonse chikufa iye akuchipaka utoto. Tsiku lidatha asadatumize kanthu.

Lachitatu a Tomasi adabwera kudzamva yankho. Adakhala pabenchi ya makasitomala, Bridget n'kuwaikira foni kukhutu. Mawu a Sara atatha, mkuluyo adapuma mpweya wautali, nkhope yonse n'kumasuka.

"Ambuye ndi abwino," adatero. "Sindinakuuze tsiku lija, mwana wanga. Ndimaopa kuwatchula matendawo, kuti ndingawaitane. Sabata yathunthu sizikudya bwino, zikungodzikanda pamiyala, ine maso ndilibe oti ndione chavuta. Mchere ndinagula kale, ndimangodikira mawu a Sara kuti ndithire. Basi, ndidyera ndiwo."

Adaseka, n'kutulutsa m'thumba kajumbo ka mtedza wokazinga kuti amuthokoze. Bridget adalandira ndi manja awiri. Milomo idatseguka ndithu.

"Bambo..."

"Kamera yathu sinama, a Tomasi," adatero a Boniface ali pakhomo, akutokosa m'mano. "Chimene yaona ndi chomwecho."

"Umati chiyani, mwana wanga?"

"Ndimati muyende bwino."

Adawaperekeza ndi maso mpaka adakhota pachigayo, akukankha njinga yawo pang'onopang'ono. Mtedzawo sadaudye. Adauika pamwamba pa kompyuta, ndipo nthawi iliyonse akakweza maso unkamuyang'ana.

Lachinayi adali ngati nkhuku yonyowa. Njinga iliyonse ikaima pakhonde ankasuzumira panja, akuti ndi a Tomasi abwera ndi uthenga. Foni ikalira ankaiyang'ana kaye isanayankhidwe. Ntchito idayamba kumulaka, moti posalaza mphumi ya mphunzitsi wina adamufufuta nsidze imodzi, ndipo akadapanda kuona a Boniface chithunzicho chikadapita choncho. Adapemphera kuti likhale thovu. Adadzilonjeza kuti akapanda kumva kanthu pofika Lamulungu ndiye kuti zonse zili bwino, ngati kuti nsomba zingatume mthenga. Ankadziwa yekha kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, koma kudziwa mwambi si kunyamuka.

Chimene chidamunyamula ndi mkwatibwi. Lachisanu m'mawa ankakonza zithunzi zimene adajambulitsiratu mtsikana wa chinkhoswe cha Loweruka, amene adali ndi njerewere pansi pa diso lamanja. Adaifufuta pachithunzi choyamba. Pachiwiri mtsikanayo adali atatembenuka, njerewere ili pomwepo. Pachitatu adali ataima panja, njerewere ili pansi pa diso lomwelo. Dzanja la Bridget lidauma pamausi. Kapitawo adamujambula kasanu ndi kamodzi, kwina akukwera, kwina akutsika, kwina ali kuseri kwa mwala, ndipo maulendo onsewo chala chake chidapita malo amodzimodzi: titatu kumbuyo kwa diso, kamzere pamsana, tambiri pachipsepse. Fumbi la pagalasi limatsala pagalasi nsomba ikadutsa. Timadontho tija tinkayenda ndi mwini wake.

Adaimirira n'kunyamula kamera.

"Ukupita nayo kuti? Madzulo ano kuli kwaya ya ku Msundwe," adatero a Boniface.

"Kwa a Tomasi. Nsomba zija zinali ndi matenda, ine ndinawasalaza."

A Boniface adasiya chotokosera m'mano. "Ndiye ukawauza?"

"Ndikawauza."

"Ukudziwa kuti mawa Nsaru yense adzakhala atamva, eti?"

"Ndikudziwa, bwana."

A Boniface sadamuletse, komanso sadamuuze kuti ayende bwino.

Adakwera kabaza wa njinga yamoto. Msewu wonse minda idali yokolola, mapesi ali mbwee, mphepo ya Juni ikulasa tsaya. Bridget ankawerenga masiku pazala: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, ndi lero. Sara adati masiku ochepa, koma sadanene kuti angati. Pena ankafuna njinga ithamange, pena ankafuna iphulike tayala.

Adafika dzuwa lili paliwombo. A Tomasi adawapeza kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, akukumba kadzenje ndi khasu. Pambali pawo padali mbale yovindikira ndi tsamba la nthochi, ndipo ankaingitsa nkhuku ndi phazi. Bridget adagwada n'kukweza tsambalo. Mudali nsomba zisanu ndi ziwiri, zachikasu zisanu, zabuluu ziwiri.

"Ndani? Ndiwe Bridget?" adafunsa atamva moni. "Dzulo zinafa zinayi, lero izi. Sindikumvetsa. Chakudya ndachepetsa monga ananenera Sara. Kaya ndi madzi, kaya ndi dzanja langali lakalamba."

Kudziimba mlandu kwa mkuluyo ndi kumene kudamumasula lilime. Adayankhula ali chogwada, maso ali pambale.

"Bambo, si dzanja lanu. Nsombazi zinali ndi timadontho toyera tsiku limene ndinajambula. Ndinatifufuta ine pakompyuta Sara asanaone. Lachitatu lija ndinali ndikudziwa kale, koma ndinachita mantha."

Khasu lidaima.

"Unatifufuta chifukwa chiyani?"

"Kuti zioneke bwino. Ndi mmene timachitira ndi zithunzi zonse."

A Tomasi adatsamira khasu. Sadakweze mawu, ndipo Bridget akadakonda akadakalipa.

"Mwana wanga, maso angawa adasalaza kale chilichonse. Ndikayang'ana m'galasi muja ndimangoona chifunga chokongola, zachikasu ndi zabuluu zikudutsa. Zokongolazo ndili nazo kale. Iwe ndinakuitana kuti undionere."

Misozi idatsika, ina kudzera m'chipsera muja, koma a Tomasi sadamupatse nthawi yolira.

"Kamera wabwera nayo? Dzuka, tiye."

M'thanki mudali chisoni. Nsomba zambiri zidaunjikana pakona pamene pamatuluka mpweya, zikupuma mofulumira. Kapitawo, amene kale ankathamangitsa aliyense, adali pansi atatsamira mwala, thupi lonse lili ngati lagubuduzika muufa. Ulendo uno Bridget sadatseke katani, sadasankhe mbali yabwino. Adajambula msangamsanga, adalumikiza khadi kufoni ndi kachingwe, n'kuthamangira pachulu cha kuseri kwa khola pamene pamagwira netiweki. Asadatumize, chala chidafuna kuwalitsako pang'ono. Adachigwira ndi dzanja linalo, n'kutumiza momwemo, pamodzi ndi mawu onena zonse zimene adachita.

Sara adaimba mphindi zisanu zisadathe. Za kufufutazo sadanenepo kanthu, adangoti ampatsire bambo ake, kenako n'kuti foni ibwerere kwa Bridget chifukwa ndiye ali ndi maso. Adamuuza muyeso wa mchere, kuchuluka kwa madzi oti achotse, ndi mmene angafunditsire atsopano pang'onopang'ono kuti nsomba zisadzidzimuke. Mankhwala adati awatumiza paminibasi ya m'mawa. Mchere uja udali pawindo, paketi yosatsegula, pamene udakhala masiku onse anayi nsomba zikufa pafupi nawo.

Bridget adatunga madzi kumjigo maulendo asanu ndi atatu tsiku limenelo. Adasefa pansalu, adafunditsa, adathira ndi kapu pang'onopang'ono, a Tomasi akuyesa ndi chigongono ngati madzi osambitsa khanda. Kwaya ya ku Msundwe idajambulidwa ndi foni ya a Boniface. Loweruka Bridget adakalandira mankhwala pasiteji n'kubwerera nawo kumudzi, chinkhoswe chikuchitika popanda iye. Pa nsomba makumi atatu zidapulumuka khumi ndi imodzi. Kapitawo adalimba mpaka Lamulungu m'mawa. A Tomasi adadziwa asadauzidwe, chifukwa adafika ndi chakudya, galasi silidagundidwe.

Nkhani idamveka pa Nsaru monga adanenera a Boniface, ndipo kwa sabata ziwiri anthu ankati akakumana ndi Bridget amufunse ngati angasalazenso ng'ombe yodwala. Koma makasitomala sadachepe. Zikuoneka kuti aliyense adakhulupirira kuti amene amakonzedwa ndi anzake. A Boniface adang'ung'udza masiku atatu n'kumusiya pantchito yake, popeza palibe wina wodziwa kumeretsa dzino. Chimene chidasintha n'chakuti masiku ano munthu akabwera ndi chithunzi choti chitumizidwe, Bridget amayamba wafunsa kuti chikupita kwa ndani, ndipo akukachitira chiyani.

Patapita mwezi a Tomasi adatulukiranso, chipewa chili m'manja, kudzapempha kuti awatsukire chithunzi cha Kapitawo chachikulu choika m'felemu. Bridget adawauza kuti zilipo ziwiri, chowala chija ndi cha Lachisanu.

"Cha timadonthocho," adatero. "Ana a sukulu akamabwera aziona, kuti tsiku lina akadzaona zotere m'galasimo adzandiuze msanga."

A Boniface adakana kudinda chidindo cha situdiyo kuseri kwake. Chithunzicho chili pakhoma pamwamba pa thanki, ndipo si chokongola: madzi ndi ofwifwa, mchira ndi wong'ambika, timadontho tili thupi lonse. Popeza katani sidatsekedwe tsiku lija, galasi lidagwiranso wojambula. Mukayandikira muona kuseri kwa Kapitawo nkhope ya mtsikana atagwira kamera, tsaya lamanzere lili poyera kuyambira pakhutu mpaka pachibwano. Bridget adaiona nkhopeyo asadatsuke chithunzicho. Adakhala nayo maso ndi maso kanthawi, dzanja lili pamausi, kenako adadzuka kukaika pepala m'makina.